Mbendera Silira Maliro

Adzukulu anga, ndi inu nonse okonda chikhalidwe chathu, makolo anati maliro n'kulirana. Mwambiwu ndi waufupi, koma m'kati mwake muli lamulo lonse la momwe mudzi umasenzera tsoka: iwe ulire wanga, ine ndilire wako, kufikira mtolo umene ukanathyola msana wa banja limodzi utagawika pa mapewa a anthu onse. Lero ndafuna kukangana ndi chizolowezi chimene chazika mizu mu likulu lathu la Lilongwe, makamaka pa chitunda cha maofesi a boma chija cha Capital Hill ndi m'nyumba za mipanda ya njerwa za ku Area 10, Area 12 ndi Area 43. Dziko likagwa m'tsoka timatsitsa mbendera, timawerenga masiku, kenaka timadzinamiza kuti talira. Woimba, mlakatuli, wovina ndi wosema timawayesa zokometsera mwambo, anthu otseka mpata pamene mlendo wolemekezeka akufunafuna magalasi ake. Ine ndikuti tazondotsa zinthu. Mbendera ndi nsalu, ndipo nsalu silira. Amene amathandiza mtundu kulira ndi kutambasulira dzanja otsala ndi anthu aluso, ndipo boma limene silidziwa zimenezi silinaphunzire kukhuza maliro.

Tiyambire kumudzi, pakuti kumeneko n'kumene kuli muyeso. Munthu akatsikira kulichete, uthenga umafika kwa a mfumu, ndipo pamsewu pamagonekedwa nthambi zamasamba kuti wapanjinga atsike, wachipewa avule. Amayi amalowa m'siwa, abambo amazungulira moto panja, ndipo usiku wonse nyimbo sizileka. Kaya ndi amayi a Chigwirizano, kaya a Mvano, kaya kwaya ya Akatolika, gulu lina likatopa lina limalandira. Kodi munadzifunsapo chifukwa chake? Wofedwa amakhala alibe mawu. Chimene chili mumtima mwake n'chachikulu kuposa pakamwa pake, ndipo akachisunga chimamudya m'kati ngati chiswe. Nyimbo imamubwereka mawu amene iye sakanawapeza, imamulola kulira pamaso pa anthu popanda manyazi, ndiponso imagwira okhuza kuti asabalalike m'maola oipa aja a pakati pa usiku ndi kulira kwa tambala woyamba, pamene chisoni chimaluma koposa. Chotsani nyimbo pa siwa, muona anthu akuzemba mmodzimmodzi kusiya wamasiye yekha ndi mtembo.

Pakati pa Achewa a m'maboma a Lilongwe, Dedza, Dowa, Mchinji ndi Kasungu, maliro a mfumu kapena a munthu wa mwambo saikidwa popanda gule wamkulu. Za kudambwe sitiulula pano, koma zimene maso a aliyense amaona pabwalo n'zokwanira. Chilombo chija chotchedwa kasiyamaliro dzina lake likunena ntchito yake: kuperekeza womwalira ndi kukamusiya kwa makolo, kuti mzimu wake usasochere ndi kuvutitsa amoyo. Zilombo zina zimabwera ndi nthabwala, anthu n'kuseka misozi ili m'masaya, ndipo kusekako n'kumene kumakumbutsa ofedwa kuti moyo sunathe. Mu 2005 bungwe la UNESCO linaika gule wamkulu m'gulu la chuma chapamwamba cha chikhalidwe cha anthu a dziko lonse lapansi. Alendo anazindikira chimene ena a ife tinayamba kuchita nacho manyazi, kuti makolo athu anapatsa ng'oma ndi mavinidwe ntchito yolemera koposa m'mudzi, yowolotsa anthu pa mtsinje wa imfa.

Mwambo wa maliro uli ndi mbali zina ziwiri zofunika kuzigwira. Yoyamba ndi kope la chipepeso. Mwambo usanathe munthu amaimirira n'kuwerenga pamaso pa onse: mudzi wakuti wabweretsa ufa wochuluka chonchi, mpingo wakuti ndalama zakuti, bokosi ladya zakuti, ndiwo zadya zakuti, zotsala ndi izi ndipo tapereka m'manja mwa ofedwa. Palibe tambala imene imalowa m'thumba la mdima. N'chifukwa chake anthu amapereka mosanyinyirika, podziwa kuti kupatsa n'kuika. Yachiwiri ndi kukumbukira. Tikameta sikuti zathera pomwepo. Pakapita miyezi kapena chaka mudzi umasonkhananso pa bona, mowa umaphikidwa, gule amavinidwa, dzina la malemu limatchulidwa, ndipo masiku ano chiliza chimamangidwa ndi kulembedwa. Choncho maliro athunthu amafuna liwu la nyimbo, kope lowerengedwa poyera, ndi tsiku lobwereranso kudzatchula dzina. Sungani muyeso umenewu, pakuti tiyezera nawo likulu lathu.

M'mwezi wa Malichi 2023 namondwe wa Freddy, amene bungwe la World Meteorological Organization linadzatsimikiza kuti anakhala masiku 36, kuposa namondwe wina aliyense wolembedwa m'mabuku awo, anagumula matope ndi miyala m'phiri la Soche n'kukwirira anthu a ku Chilobwe mu Blantyre, nakokolola midzi ku Chiradzulu, Mulanje ndi Phalombe. Mitembo yopezeka inaposa 670, anthu oposa 500 sanapezeke, ndipo oposa 650,000 anasowa pogona. Mtsogoleri wa dziko wa nthawiyo, a Lazarus Chakwera, analengeza masiku 14 okhuza maliro, ndipo mbendera za pa Capital Hill zinatsika. Palibe cholakwika pamenepo, pakuti mfumu iyenera kulengeza maliro. Koma kulengeza kuli ngati nthambi ija ya pamsewu, imene imangouza wodutsa kuti pano pagwa zovuta. Masiku 14 atatha mbendera zinakwera, mafayilo anatsegulidwanso. Nanga mayi amene mwana wake ali pansi pa miyala mpaka lero, wopanda manda oti akaseseko, chisoni chake chinatha tsiku lomwelo? Munthu wopanda manda, manda ake ndi nyimbo ndi dzina lolembedwa pamwala. Pamene khasu la adzukulu okumba lalephera, pamatsala ntchito ya woimba ndi wosema.

Wina asayese kuti ndikulota, pakuti mbiri yathu ili ndi umboni. Mu Disembala 1946 chimvula choopsa chinagwa pa phiri la Zomba, mzinda umene panthawiyo unali likulu la boma la atsamunda. Phiri linagumuka, milatho inapita, anthu anafa. Makolo anati wadutsa Napolo, chinjoka cha pansi pa phiri chimene chimasamukira kunyanja. Akuluakulu a boma analemba malipoti awo, koma ndani wa inu anawawerengapo? Chimene chinasunga tsokalo m'makutu a anthu ndi nyimbo yotchedwa Napolo ya oimba aja a Paseli Brothers, imene inamveka pa wailesi zaka zambiri. Pambuyo pake malemu Steve Chimombo, mphunzitsi wa ku Chancellor College, anatenga Napolo yemweyo namuika m'ndakatulo zake, kuti ophunzira amene sanaone 1946 amudziwe. Mu Malichi 1991 phiri la Michesi linagumukira anthu a ku Phalombe, ndipo mu 2023 Freddy anadzera m'madera omwewo. Madzi saiwala khwawa. Woiwala ndi munthu. Nyimbo ya tsoka ndi chenjezo limene akufa amasiyira osabadwa, kuti asamange nyumba m'njira ya madzi ndi kuti asamete phiri mitengo yake.

Tibwere ku tsoka limene linagwa pakhomo penipeni pa Capital Hill. Pa 10 Juni 2024 ndege ya asilikali inagwa m'nkhalango ya Chikangawa, ndipo wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko, a Saulos Chilima, anafa pamodzi ndi anthu ena asanu ndi atatu. Boma linalengeza masiku 21. Thupi linagonekedwa ku Nyumba ya Malamulo, mwambo waukulu unachitikira pa bwalo la Bingu National Stadium pa 16 Juni, ndipo anaikidwa kwawo ku Nsipe m'boma la Ntcheu tsiku lotsatira. Zoyankhula zinalipo zambiri, koma funsani amene anatsatira mwambowo kuti akukumbukira chiyani. Adzakuuzani za makamu amene anandanda m'mbali mwa msewu wa M1 akuimba, za kwaya za tchalitchi, za Angoni a kwa Gomani ndi zishango zawo, za achinyamata amene anayatsa makandulo usiku. Mitima inali yodzaza mafunso ndi mkwiyo, ndipo zoyankhula za akuluakulu sizinathe kuunyamula mkwiyowo. Pamene unapeza nyimbo unasanduka kulira. Pamene unasowa nyimbo unasanduka miyala.

Mwezi womwewo usanathe, pa 30 Juni 2024, Lucius Banda anamwalira ku South Africa. Panalibe wofunika kulamula anthu kuti alire. Nyimbo zake zinamveka m'maminibasi a ku depoti ya Old Town, m'misika, m'mawailesi ndi m'mafoni, pakuti munthu amene anaimbira amphawi kwa zaka makumi atatu anali atawasiyira kale mawu omulirira nawo. Kumbukiraninso Evison Matafale, amene anafa pa 27 Novembala 2001 ali m'manja mwa apolisi kuno ku Lilongwe. Kwa zaka zoposa makumi awiri gulu lake la Black Missionaries lakhala likusonkhanitsa anthu kwawo ku Chileka, kumuimbira iye ndi abale ake a banja la Fumulani amene anamutsatira, khomo lili lotsegukira aliyense. Ameneyo ndi bona weniweni, wophikidwa ndi oimba, wopanda chikalata cha boma. Ngati anyamata a magitala akwanitsa kusunga tsiku la mnzawo zaka zonsezi, boma la maunduna ambirimbiri lingalephere bwanji kusunga tsiku la anthu oposa chikwi?

Yang'anani pulogalamu ya mwambo wa boma uliwonse wa chisoni, muona pamene aluso amaikidwa. Woyankhula woyamba amalonjera olemekezeka onse ndi maudindo awo, wachiwiri amabwereza mndandanda womwewo, wachitatu chimodzimodzi, dzuwa n'kupendeka. Kwaya imapatsidwa mphindi zochepa, ndipo nthawi ikatha yoyamba kudulidwa ndi iyo. Mlakatuli akaitanidwa, amayembekezeka kutamanda amoyo okhala pa mipando ya kutsogolo kuposa kulira wogona m'bokosi. Kumudzi zimenezi zikanakhala zamanyazi. Kumeneko mfumu imayankhula mwachidule, mwinimbumba amathokoza, ndipo nthawi yotsala ndi ya nyimbo. Makolo anadziwa kuti ng'oma yolira sikhalira kusweka, ndi kuti mawu ochuluka pamaliro amatonthoza woyankhula yekha.

Tsono za kope la chipepeso. Mu Januwale 2021 mliri wa Covid-19 unatikantha koopsa. Pa 12 Januwale nduna ziwiri, a Lingson Belekanyama ndi a Sidik Mia, zinamwalira tsiku limodzi. Mwezi womwewo tinataya woimba Wambali Mkandawire. Bwalo la mpira la Bingu linasanduka chipatala. Chowawa koposa chinali chakuti mliriwo unatilanda ngakhale mwambo wa maliro: kugona m'siwa kunaletsedwa, okhuza anachepetsedwa, mitembo inaikidwa mothamanga ndi anthu ovala zodzitetezera. Amene anafedwa masiku amenewo akudziwa bala limene maliro opanda nyimbo amasiya. Ambiri mpaka lero amamva ngati sanaike m'bale wawo.

M'masiku amdima omwewo, odwala akusowa mpweya m'zipatala, mlembi wa nthano ndi ndakatulo, a Stanley Onjezani Kenani, amene nthano zawo zinafika pa mndandanda womaliza wa mphotho ya Caine mu 2008 ndi 2012, anayamba kulemba pa Facebook kupempha Amalawi kuti asonkhe. Iwo ndi anzawo analibe unduna kapena galimoto za boma. Chida chawo chinali mawu olembedwa bwino, ofika pamtima, ndi chizolowezi choonetsa poyera ndalama zimene zalowa ndi zimene zagulidwa. Amalawi a kuno ndi a kunja anasonkha mamiliyoni ambiri, ndipo masilinda a mpweya ndi zipangizo zina zinafika m'zipatala. Chaka chomwecho kafukufuku wa mkulu wolondoloza chuma cha boma anaonetsa kuti mwa K6.2 biliyoni imene inaperekedwa kulimbana ndi mliriwo, ndalama zina zinathera m'maalawansi ndi m'kugula zinthu mosatsata malamulo. Ikani makope awiriwa pamodzi, adzukulu anga. Ndani anasunga mwambo wa makolo, mlakatuli kapena a m'maofesi? Anthu amapereka kwa amene wawagwira mtima, ndipo amaperekanso kachiwiri kwa amene wawerenga kope pamaso pawo.

Chitsanzo china chili pafupi ndi likulu, ku Dzaleka m'boma la Dowa. Malo amenewa anali ndende ya andale m'nthawi ya Kamuzu Banda, ndipo kuyambira 1994 ndi msasa wa anthu othawa nkhondo ochokera ku Congo, Burundi, Rwanda ndi maiko ena. Ngati pali anthu odziwa tsoka, ndi amenewa. Mu 2014 mlakatuli wochokera ku Congo, Trésor Mpauni, wodziwika ndi dzina lakuti Menes la Plume, anayambitsa chikondwerero cha zaluso cha Tumaini m'kati mwa msasawo. Kulowa n'kwaulere. Oimba a ku Malawi ndi othawa kwawo amakwera nsanja imodzi, alendo ochokera mumzinda amagona m'nyumba za mabanja a mumsasa n'kulipira, amayi amagulitsa zakudya ndi zoluka. Anthu amene tinkawayesa olandira okhaokha anasanduka olandira alendo. Luso linawabwezera ulemu umene nkhondo inawalanda, ndipo iwo anabwezera dziko limene linawasunga. Ngati zotere zatheka mumsasa wa othawa nkhondo, City Centre ndi maholo ake ikanike chifukwa chiyani?

Ndikudziwa zimene otsutsa adzanene. Woyamba adzati: anthu alibe chimanga, alibe malata, inu mukuti nyimbo? Kodi ndakatulo imaphikidwa? Yankho langa ndi lakuti kumudzi funso limeneli silinafunsidwepo, chifukwa pamaliro mphika ndi nyimbo zimayendera limodzi. Amayi amene aimba usiku ndi omwewo amene akutunga madzi ndi kutakasa nsima m'mawa. Nyimbo ndi imene yasonkhanitsa anthu, ndipo anthu osonkhana ndiwo abweretsa ufa. Komanso munthu amene wataya ana atatu usiku umodzi, mukam'patsa thumba la chimanga n'kuchoka, mwadyetsa mimba ya munthu amene safunanso kudya. Ayenera choyamba kupeza chifukwa chodzukira m'mawa, ndipo chifukwacho amachipeza pakati pa anzake amene akulira naye. Malata amatchinga mvula ya kunja. Ya mumtima imafuna denga lina, ndipo mutu umodzi susenza denga.

Wachiwiri adzati zovinavina pamaliro n'zachikunja, ndipo wachitatu adzati oimba akaloledwa kuyankhula pa tsoka adzalowetsapo ndale. Kwa wachiwiri ndikuti pitani ku Mua m'boma la Dedza mukaone malo a Kungoni, amene wansembe Claude Boucher anayambitsa mu 1976. Kumeneko osema a m'midzi akongoletsa matchalitchi ndi manja omwewo amene anaphunzira luso kwa makolo awo. Sindikukakamiza Mkhristu kapena Msilamu kuvina chimene chikhulupiriro chake chimakana. Aliyense ali ndi nyimbo zake, ndipo bwalo ndi lalikulu. Kwa wachitatu ndikuti zoona, nyimbo ya maliro nthawi zina imafunsa mafunso owawa, monga amachitira amayi m'siwa akamalira motchula zimene zamupha m'bale wawo. Mudzi wanzeru umawasiya alire, chifukwa chithupsa chikaphulika ndiye chimapola. Tinayesapo kale njira yotseka pakamwa. Mu Meyi 1983 a Dick Matenje, a Aaron Gadama, a Twaibu Sangala ndi a David Chiwanga anaphedwa ku Mwanza, dziko linauzidwa kuti ndi ngozi ya galimoto, ndipo anthu anaopa ngakhale kukhuza maliro awo. Mlakatuli Jack Mapanje anatsekeredwa ku Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991 popanda mlandu. Kodi chete ameneyo anachiritsa dziko? Bala linangobisika, n'kudzaphulika patapita zaka khumi.

Koma aluso nawonso asaganize kuti ndawasiya. Alipo ena amene tsoka likagwa amathamangira kujambula nyimbo mtembo usanazizire, nkhope zawo zili patsogolo, ofedwa ali kumbuyo ngati chithunzi chokongoletsa. Alipo okonza madansi othandiza ovutika, khomo n'kudzaza, koma m'mawa mwake osamva kuti zalowa zingati, holo yadya zingati, ovutikawo alandira chiyani. Chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere. Woimba amene watolera ndalama m'dzina la akufa n'kubisa kope sasiyana ndi wakuba ufa wa pamaliro, ndipo kumudzi munthu wotere sakhalanso ndi nkhope. Lamulo likhale limodzi kwa nduna ndi kwa woimba: watolera, werenga. Ndipo mbali inayo, boma ndi makampani aleke kuyesa kuti woimba amadya kuwomba m'manja. Wokhoma bokosi amalipidwa, wobwereketsa matenti amalipidwa. Woimba akafuna kupereka luso lake ngati chipepeso, apereke mwa kufuna kwake, osati chifukwa chakuti dzina lake laiwalika pa bajeti.

Mawu ena apite kwa inu a m'nyumba za mipanda. Mtsinje wa Lingadzi umadutsa pafupi ndi nyumba zanu za ku Area 47 ndiponso pafupi ndi Mtandire, kumene kumachokera ambiri mwa alonda ndi antchito anu. Mu Febuluwale 2017 mtsinjewo unasefukira n'kugwetsa nyumba za ku Mtandire. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Komabe kakhuzidwe kathu ka mumzinda kasanduka kutumiza ndalama pa foni, kufika pamaliro nthawi ya ulaliki, kukhala m'galimoto magalasi otseka, ndi kuthawa dothi lisanatsirizidwe. Ana anu sadziwa nyimbo imodzi ya pamaliro m'chiyankhulo cha agogo awo, ndipo tsiku limene adzafedwe adzaima ngati alendo pa siwa ya kholo lawo. Ndalama yanu ndi yofunika, pitirizani kutumiza. Koma makolo anati kulirana, ndipo munthu salirana ndi mnzake ali kuseri kwa geti.

Potsiriza tiyeze likulu ndi mbali yachitatu ija, ya kutchula dzina. Pafupi ndi Nyumba ya Malamulo pali manda okongola a Kamuzu Banda, otsegulidwa mu 2006. Chakumtunda, kufupi ndi Area 18, pali chipilala chachitali chokumbukira asilikali a nkhondo zikuluzikulu, kumene atsogoleri amaika nkhata mwezi wa Novembala. Zimenezi n'zabwino, ndipo zikutsimikiza kuti timadziwa kumanga chiliza tikafuna. Koma imitsani munthu aliyense pa City Centre mumufunse dzina limodzi la anthu asanu ndi atatu, ambiri mwa iwo ana, amene anafa popondedwa pa chipata cha Bingu National Stadium pa 6 Julayi 2017, tsiku lokondwerera ufulu. Mufunseni dzina limodzi la anthu makumi awiri amene anafa pa zionetsero za Julayi 2011, kapena la anayi amene anawombedwa ndi galimoto ku Ntcheu atabwera kudzaperekeza a Chilima. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, anatero makolo. Mtundu umene umasema maina a mafumu okha pamwala ukuuza ana ake kuti enawo anali manambala.

Anansi athu a ku Zambia anataya anthu 30 pa 27 Epulo 1993, pamene ndege yonyamula timu yawo ya mpira inagwera m'nyanja kufupi ndi Libreville ku Gabon. Anawaika pamodzi pafupi ndi Independence Stadium mu Lusaka, pamalo otchedwa Heroes' Acre, ndipo mwana wa ku Zambia amakula akudziwa nkhaniyo. Pamene timu yawo inatenga chikho cha Africa mu 2012 mumzinda womwewo wa Libreville, osewera anayamba apita kugombe kukaika maluwa. Ku Washington, chipupa chokumbukira asilikali a ku America amene anafa pa nkhondo ya ku Vietnam chinatsegulidwa mu 1982. Anachilinganiza ndi Maya Lin, mtsikana wa zaka 21 amene anali akadali pasukulu, ndipo pali maina oposa 58,000, olembedwa popanda kusiyanitsa mkulu wa asilikali ndi msilikali wamba. Anthu amapita kukagwira dzina la m'bale wawo ndi chala. Ife tili ndi miyala, tili ndi osema a ku Mua ndi ena ambiri, tili ndi malo otakasuka pakati pa Capital Hill ndi Nyumba ya Malamulo. Chimene chikusowa ndi mtima wokha.

Pempho langa kwa amene akhala m'maofesi a pachitundapo, a chipani chilichonse, ndi losavuta. Itanani mafumu, mipingo ndi mizikiti ya m'maboma amene Freddy anakantha, alembe maina a onse amene anafa ndi amene sanapezeke, akulu amene akuwadziwa asanatsikire nawonso kulichete. Patsani osema athu ntchito yoika mainawo pamwala, kwawo kumene anafera ndiponso kuno ku likulu, kumene ogawa chuma cha dziko angawaone popita kuntchito. Mwezi wa Malichi uliwonse dziko lichite bona wake: kwaya, magule, ndakatulo ndi zisudzo zitenge tsiku, andale akhale pansi amvetsere, maina awerengedwe mokweza. Zotolera za tsikulo zipite kwa ana amasiye a tsokalo ndi kubzala mitengo m'mapiri amene anagumuka, ndipo chaka chotsatira kope liwerengedwe poyera, tambala ndi tambala, nyimbo yoyamba isanayambe.

Ndipo inu adzukulu anga, dziwani kulemera kwa dzina lanu. M'chiyankhulo chathu mawu akuti adzukulu amatchula ana a ana athu, komanso amatchula anthu aja amene amakumba manda, kunyamula bokosi ndi kukwirira. Makolo sanasowe mawu ena. Anafuna kuti mudziwe kuti kusunga akufa ndi ntchito ya m'badwo wotsatira. Ena a inu mumaimba, ena mumajambula, ena mumalemba pa makompyuta. Pitani kwa agogo anu aakazi akuphunzitseni nyimbo za m'siwa iwo akadali ndi mpweya. Tsoka likagwa kwa anansi, pitani ndi luso lanu pamodzi ndi ndowa ya ufa, mukagone komweko. Mukatolera kanthu, werengani pamaso pa anthu. Mawu a akulu akoma akagonera.